Thandizeni: ndisinthe bwanji disiki ya Windows osataya zithunzi za makasitomala?

Wojambula Maukwati: Abale, tulo sindikugona. Kompyuta yanga ikumalira tiki-tiki, ndimachita kuwiritsa tiyi mpaka kumwa iyo isanatseguke. Zinayamba mlamu wanga ataibwereka, ndipo mpaka lero sanapepese, 20 pin yanganso sanabweze. Ndagula SSD, disiki yatsopano yothamanga. Koma mkatimo muli madisiki ena awiri, D ndi E, odzaza ndi zithunzi za maukwati a anthu. Mayi wina akundiimbira tsiku ndi tsiku. Ndikachotsa C, disiki imene muli Windows, zinazo zipita?

Mkulu wa Linux: VUTO NDI WINDOWS! Windows 10 eni ake anaisiya pa 14 Okutobala 2025. Ikani Linux Mint m'malo mwa Windows, ndi yaulere, mupume.

Mayi a Mapasa: Ine mnyamata wina m'tauni anandifufutira zithunzi za chinkhoswe changa, ati "ndangofomata pang'ono". Ndikamuona mtima umawawabe.

Wokonza Makompyuta: Achimwene, thimitsani, muzule zingwe za D ndi E, mutsale ndi SSD yokha. Mukazisiya, mutha kufomata disiki yolakwika, komanso Windows nthawi zina imakaika mafayilo oyatsira pa disiki ina. Mukamaliza bwezerani zingwezo. Fulashi ya 8GB ikwana poikira Windows pa SSD yo.

Mkulu wa Linux: 8GB kuti aikenso matenda omwewo? Makina akalewo Windows 11 iwakana, imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0!

Wokonza Makompyuta: Mwawaona makinawo inu?

Mkulu wa Linux: ZAKA ZONSEZI NDIKULALIKIRA, SIMUMVA.

Wa ku Ndirande: Sinthani mlamuyo, disiki ilibe mlandu 😂

Mphunzitsi Wopuma: Zithunzi za eni ake kuzisunga malo amodzi? Manyazi bwanji! Disiki ikayamba kulira choncho ikutsanzika. Za pa Desktop, Documents ndi Downloads zimakhala pa C, koperani lero lomwe.

Mayi a Mapasa: Bambo, munthu ali pamavuto inu mukumukalipira?

Wokonza Makompyuta: Funso langa ndi ili: pa D ndi E pali kachizindikiro ka loko? Ngati pali BitLocker, loko ya Windows yotsekera disiki, pezani kaye kiyi yake ya manambala 48, apo ayi Windows yatsopano siitsegula. Ndiye ndi Windows yanji? SSD yo ndi ya mtundu wanji, SATA kapena M.2?

Wojambula Maukwati: Zikomo nonse. Ndi yakuda, ya kabokosi kofiira. Mlamu uja waona positi iyi, pano akazi anga sakundiyankhula.

Mkulu wa Linux: Pa Linux izi sizikanachitika.