MGB ya 1966 yabwera ndi alternator ya Toyota, ndichotse?

Chikondi, Kasungu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pagalaji pano pali galimoto ya ku Britain, MGB ya 1966, ya bambo wina wa esiteti ya fodya. Mwezi wamawa akukaionetsa ku Lilongwe, m'gulu lomwe oweruza amafufuza ngati chilichonse chili momwe chinatulukira ku fakitale. Injini ndi yake yomwe ya 1798cc, makabureta ake awiri a SU alipo. Koma wina anaikamo alternator ya Toyota ndi batire imodzi ya 12V, injini n'kuipaka siliva. Imalira bwino zedi. Ndisiye choncho?

aPhiri a zamagetsi: Ukasiya waluza, mwana wanga. Ya 1966 inachoka ku fakitale ya MG ku Abingdon ndi dainamo ya Lucas, positive earth (positive ya batire yolumikizidwa ku bodi), mabatire awiri a 6V kuseri kwa mipando. Negative earth inayamba kumapeto kwa 1967. Woweruza akangokweza boneti, diso lake ligwera pa alternator-yo asanaone china.

Mavuto, Mchinji: Koma madala, dainamo usiku kuwala kwake ngati koloboyi! Mwini galimoto sadzatitukwana?

aPhiri: Akupita kukaonetsa, sakunyamula matola pa msewu wa Kamwendo. Alternator muisunge m'katoni, akafuna adzabwezeretsa.

Chikondi: Nanga dainamo ndiipeza kuti?

aBanda, Santhe: Achimwene, musavutike ndi Johannesburg. Funani Lucas C40. Inalinso pa Land Rover zakale ndi mathirakitala a Massey Ferguson, ndipo m'maesiteti muno zadzadza, zikungodyedwa ndi dzimbiri pansi pa mitengo ya mango. Koma pukutani thupi lake muwerenge: Lucas ankadinda mwezi ndi chaka. Mukapeza ya 1965 kapena 1966 mwaphula. Pulley ya thirakitala musaikepo, ndi yosiyana.

aPhiri: Zoona. Ndipo usathamangire kuliza. Ukabwerera ku positive earth, dainamo iyenera kudziwa mbali yake: waya wochokera ku negative ya batire ugunditse pang'ono pa dainamo polumikizira waya polembedwa F, kathetheke kamodzi basi. Mawaya a coil uwasinthanitse. Uonenso rev counter (geji yoonetsa liwiro la injini) ndi pampu ya petulo, chifukwa amene anatembenuza magetsiyo mwina anazisinthanso. Ine ndinapsereza rev counter ya munthu chifukwa cha phuma, mpaka lero ndikakumana naye pamsika ndimayang'ana kumbali.

Mavuto: Bodi ndiye mubweretse kuno, ndiipope penti ya 2K iwale ngati galasi.

aBanda: Ayi Mavuto, dzanja lako lichoke pamenepo. Ngati penti ndi yakale ya fakitale, polishi yakwana. Chofunika kupaka ndi injini, ibwerere ku maroon ya MG. Ndipo mwini wake aitanitse Heritage Certificate ku British Motor Museum, ku Gaydon ku England. Imanena mtundu umene galimotoyo inatuluka nawo ndi tsiku limene inapangidwa.

Chikondi: Ndakanda pansi pa kapeti, mtundu ndi womwewo wa kunja, ndiye bodi sindiigwira. aBanda, Loweruka ndikupezani ku Santhe, ndibwera ndi sipanala ndi burashi ya waya.