Za nyimbo ya manoti atatu ija

Mwezi watha ndinafunsa ngati nyimbo ya manoti atatu okha, do, re ndi mi, ingakhudze mtima wa munthu popanda kumutopetsa. Kwaya yathu kuno ku Luchenza yadzaza ndi ongoyamba kumene, ndiye sindinkafuna zokwera ndi kutsika kwambiri. Ambiri munati ndisiye kaye kiyibodi, ndikamvetsere oimba babatoni. Zikomo abale, munanena zoona.

Babatoni, gitala yaikulu yopanga pamanja, ili ndi chingwe chimodzi basi. Woimba amachimenya ndi kamtengo kwinaku akuyendetsa botolo pachingwepo, ndiye mawu amachita kutsetsereka, osati kudumpha. Ndatengera zomwezo: a soprano akamachoka pa mi kupita pa re amakoka pang'onopang'ono, ndipo chisoni chonse chimatulukira pamenepo.

China ndi kugunda. Ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe yemwe UNESCO inamuika pamndandanda wa zachikhalidwe mu 2014, zimabwereza zomwezomwezo, koma ndani anaonapo wovina akuodzera? Manoti ndawasiya momwemo, ndangosintha pogogomezera. Vesi yachiwiri wotsogolera amalowa mochedwerako dala, ovomera n'kumuyankha motsitsa. Tisanafike kumapeto tonse timati zii kwa kamphindi, kenaka n'kuphulika limodzi. Mayi wina wa alto anati apo ndiye panamuimitsa tsitsi.

Amene munati ndingowonjezera noti yachinayi, ya so, pepani, ndakana. Zikanaphweka, koma nyimboyo ikanafanana ndi zinzake zonse.

Chatsala ndi a bass, akudandaula kuti kukhala pa do vesi yonse n'kuwalanga. Amene munathana nazo zoterezi, mumawapatsa chiyani?