Nsagwada yofa ndi radiation: tidalire pulani ya pakompyuta mpaka pati?

Chikondi_M: Akuluakulu, tithandizane nzeru. Osteoradionecrosis (kufa kwa fupa chifukwa cha radiation yochizira khansa) ikafika pothyola nsagwada yam'munsi, mafinya n'kumatulukira pakhungu, njira imakhala yodula fupa lakufalo n'kuikapo fibula, fupa laling'ono la kumwendo, pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi. Koma sikani ya CT sionetsa bwino pamene fupa lakufa lalekezera. Nanga ma cutting guide (zida zolondolera macheka podula fupa) osindikiza pa 3D tiwakhulupirire bwanji?

Dr_Nachisale: Guide imadula ndendende pamene munaiuza, ngakhale mutaiuza zolakwika. Pa CT fupa lovulala limaoneka lochepa kusiyana ndi mmene lilili. Pemphani a radiotherapy akupatseni fayilo ya mlingo wa radiation, muisanjike pa CT yanu. Chiopsezo chimakwera kwambiri pamene fupa linalandira kupitirira 60 Gy (muyezo wa mlingo wa radiation), choncho mzere wodulira ndi masikuluwu omangira fupa zikhale kunja kwa dera limenelo ngati n'kotheka. CT ikhale ya magawo a 1 mm kapena kucheperapo, komanso yaposachedwa, chifukwa fupa silisiya kuwola podikira kuti guide ifike.

Chinanso, musapange mpata umodzi wokha wa macheka. Ikani iwiri mbali iliyonse, yotalikirana pafupifupi 1 cm, ndipo guide ya kumwendo ikhalenso ndi utali wofanana nayo. Mukadula koma fupa osatuluka timadontho ta magazi, sunthirani pa mpata wachiwiri. Mukasokera fibula pa fupa louma, silidzalumikizana.

Mbewe_Plastics: Mayi Nachisale anena zoona, koma ine chimene ndimachiopa ndi khosi. Radiation imaumitsa minofu ndi kuwononga mitsempha, ndiye facial artery (mtsempha wa magazi wopita kunkhope) ya mbali yodwalayo nthawi zambiri sithandiza. Sankhani polumikiza mitsempha ya magazi ya fibula musanajambule fupa: transverse cervical (mtsempha wa kumunsi kwa khosi), kapena mitsempha ya mbali inayo. Zimenezi ndi zimene zimakuuzani mwendo woti mutengeko fibula ndi kumene pedicle (mitsempha yodyetsa fibulayo) iloze. Mukayamba ndi kukongoletsa fupa pakompyuta, mudzapeza pedicle yaperewera muli kale mu fiyeta.

Kumwendo, chitani CT angiography, sikani yoonetsa mitsempha ya magazi. Anthu ena phazi lawo limadalira peroneal artery, mtsempha umene umachotsedwa pamodzi ndi fibula, ndipo kuwachotsera mtsemphawo n'kuika phazi pangozi. Siyani 6 mpaka 8 cm ya fupa kumunsi kuti kakolo asagwedere, ndi pafupifupi 6 cm kumtunda poteteza common peroneal nerve, mtsempha wothandiza kutukula phazi. Chidutswa chilichonse cha fibula chisachepere 2 cm, apo ayi magazi sachifikira bwino.

Chikondi_M: Zikomo. Nanga plate (chitsulo chogwirizira mafupawo), yosindikiziratu kapena yopinda pa model (chifanizo cha nsagwada)?

Dr_Nachisale: Yosindikiziratu ndi yolimba, koma sipindika mukasintha malo odula, pokhapokha itapangidwa yaitali ndi mabowo owonjezera. Yopinda pa model imalola kusintha, ngakhale kuipindapinda kumaifooketsa. Iliyonse, musaitukumule kufuna kubwezera chibwano chakale. Khungu lopsa ndi radiation silitanuka, ndipo plate imaboola n'kuonekera. Bwezani mzere wa chibwanowo mkati pang'ono, ndipo tengani fibula pamodzi ndi khungu lokwanira kutseka m'kamwa ndi kunja komwe.