Ngwazi 6, koma zonse zikuyankhula ngati munthu mmodzi

Wolemba, Lilongwe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi komiki ya masamba 24, gulu la ngwazi 6. Mkonzi wandibwezera sikiriputi kachiwiri. Akuti akaphimba zithunzi n'kuwerenga mawu okha sakudziwa kuti akuyankhula ndani, komanso ndewu iliyonse ikuthera m'manja mwa wamphamvu kuposa onse, anzake asanu angoima kumbuyo ngati operekeza ukwati. Ndawerenganso usiku wonse, sakunama ayi. Osindikiza akufuna ntchito mwezi uno usanathe. Ndiyambire pati?

Wojambula, Zomba: Achimwene, kwa ife ojambula vutoli limaoneka pensulo isanakhudze pepala. Anthu 6 m'kabokosi kamodzi ka chithunzi, aliyense ndi baluni lake la mawu, nkhope zimatsala zing'onozing'ono ngati nyemba. Agaweni. Gulu la ngwazi la Justice League litayamba mu 1960, m'komiki ya The Brave and the Bold nambala 28, wolemba wake Gardner Fox ankasonkhanitsa gulu poyamba, kenako kulimwaza, wina yekha, ena awiri, aliyense ndi ntchito yake, n'kudzakumana kumapeto. Ndipo m'nkhani yoyambayo Superman ndi Batman anawapezera zochita kwina kuti enawo aoneke. Wamphamvu wanuyo mutumizeni kutali mpaka tsamba 19.

Mkonzi, Blantyre: Kugawako ndikuvomereza, koma kukonza theka lokha la vutoli. Ngwazi za Fox zinkagawidwa bwino, komabe zinkayankhula mofanana, zonse zaulemu, zonse zogwirizana. Mutasinthanitsa mabaluni palibe akanadziwa. Zimene mkonzi wanu akudandaula n'zomwezo.

Taonani zomwe Stan Lee ndi Jack Kirby anachita ndi komiki yawo ya Fantastic Four mu 1961. Anthu anayi okha, koma Ben Grimm ali ndi mkwiyo pa Reed Richards chifukwa ulendo wa Reed ndi umene unamusandutsa chimwala choyenda, mnzawo Johnny naye sasiya kumuputa Ben. Mawu a munthu amachokera pa chimene chikumupweteka. Inu mwalemba mphamvu za anthu anu, koma kodi mwalemba kuti ndani amasungira mnzake chakukhosi? Ndani angachoke mawa atapeza mpata?

Chris Claremont analemba komiki ya gulu la X-Men kuyambira 1975 mpaka 1991, ndipo chimene ndimaphunzirako n'chakuti aliyense anali ndi kena kake kosagwirizana ndi maonekedwe ake. Nightcrawler amaoneka ngati chiwanda koma ndi Mkatolika wopemphera. Storm amalamula mphepo ndi mphezi koma amanjenjemera akatsekeredwa pamalo opanikiza, chifukwa ali mwana ku Cairo nyumba inamugwera n'kupha makolo ake. Mu 1986, mu nambala 201 ya komikiyo, Storm yemweyo anagonjetsa mnzake wa m'gulu Cyclops n'kutenga utsogoleri alibe mphamvu zake ngakhale pang'ono. Owerenga anakhulupirira chifukwa anali atamudziwa kwa zaka 10.

Wolemba, Lilongwe: Achemwali, mwandigwira pamtima. Koma Claremont anali ndi zaka 16, ine ndili ndi masamba 24. Ndikalowetsa mbiri ya aliyense, ndewu ilowa pati?

Mkonzi, Blantyre: Musalowetse mbiri. Muli ndi chida chimene olemba Chingerezi alibe: iwe ndi inu. Tengani pepala, lembani mayina 6 mozungulira, mukoke mizere yosonyeza kuti ndani amati iwe kwa ndani. Mwachitsanzo, kamnyamata ka m'gulumo kangati "akulu" kwa mtsogoleri koma "aise" kwa wamphamvuyo. Tsiku limene wina wozolowera kunena inu adzatembenuke n'kuti iwe, wowerenga adzadziwa yekha kuti zinthu zavuta, osafunika bokosi lofotokozera.

Wolemba mawu m'mabaluni, Mzuzu: Ndiwonjezereko ngati amene ndimavutika nazo pomaliza. Mawu a Chichewa ndi aataliatali. Liwu limodzi ngati "sindidzakukhululukirani" ladzaza kale baluni. Ndiye musalole anthu oposa awiri kuyankhula m'kabokosi kamodzi. Mmodzi wa asanu ndi mmodziwo akhale wa mawu ochepa, woyankha ndi maso basi. Wojambula adzamukonda, ine ndidzapeza malo.

Wojambula, Zomba: Zoona zimenezo. Komanso ndipempheko, detsani anthu onse 6 ndi inki yakuda, mthunzi wokha. Ngati awiri akufanana, mmodzi asinthe thupi kapena achoke.

Wolemba, Lilongwe: Ndayesa pompano. Mtsikana wa moto ndi mtsikana wa mphezi akufanana pa mthunzi, ndipo pa pepala la mizere lija palibe amene akukangana nawo. Ndi munthu mmodzi amene ndinamudula pawiri. Ndiwaphatikiza, gulu likhale la asanu. Masamba 1 mpaka 5 ali pamodzi, akukangana za amene apite kumlatho, kenako awiri uku awiri uko, wamphamvu wagwira khoma la damu kuti lisagumuke, sangasunthe. Akumananso pa tsamba 19. Achimwene a ku Zomba, ndikutumizirani masamba asanu oyambawo Lachinayi kuti muyese timabokosi ndisanapitirize.

Wojambula, Zomba: Tumizani, koma tsamba la damulo mundisiyire lonse, kabokosi kamodzi kokha.