Crystal ya 32.768 kHz pa LM393 ikukana kukhazikika

Akuluakulu odziwa zamagetsi, ndigawireniko nzeru. Ndikupanga oscillator (circuit yotulutsa signal yobwerezabwereza) ya 32.768 kHz ndi comparator (chip yoyerekeza ma voltage awiri) ya LM393 pa 5 V. Maresistor awiri ofanana akusunga mwendo wa + wa LM393 pa 2.5 V, crystal (kachipangizo ka quartz kosunga frequency) yachokera ku output kubwerera ku mwendo womwewo, pomwe mwendo wa − uli ndi resistor yochokera ku output ndi capacitor yopita ku ground. Pull-up (resistor yokokera output ku 5 V) ya 4.7 kΩ ilipo, poti output ya LM393 ndi open collector (payokha singakweze voltage).

Kuyaka ikuyaka ndithu, koma pa oscilloscope (makina oonetsa signal) frequency ikungodumphadumpha, nthawi zina kuthawira m'mwamba kutali. Ndikangoyandikitsa chala pa crystal, basi yasinthanso. Ndikukayikira kuti 5 V ikuipanikiza, popeza timacrystal ta m'mawotchiti timapirira pafupifupi 1 µW yokha. Kodi resistor yochepetsa mphamvuyo ikhale yaikulu bwanji kuti isalepheretse oscillator kuyamba? Kapena vuto ndi breadboard (bolodi loyeserapo circuit)?

China: pa oscillator ya 4 MHz, op-amp (chip yokulitsa signal) ya LM358 sindikuiwerengera n'komwe, gain-bandwidth yake (malire a liwiro lake) ndi pafupifupi 1 MHz. Comparator ya LT1016 ingathe, kapena ndingogwiritsa ntchito inverter (chip yotembenuza signal) ya CMOS?