Kodi kamawu kakuti "dit" pakati pa mayina awiri a munthu mmodzi katanthauzanji?

Nankhoma wa ku Québec:

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu amene munaphunzira Chifalansa, makamaka chakale chija cha m'makaundula a tchalitchi. Ine ndinakwatiwa kuno ku Canada, koma Chifalansa changa ndi chogulira buledi ndi kukwerera basi, sichifika pa zolemba za ansembe.

Mwana wathu anauzidwa kusukulu kuti alembe mndandanda wa makolo ake. Mbali yanga sinavute, ndinangoimbira foni amayi kumudzi, iwo n'kutchula mayina mpaka pamene mutu wawo unalekezera. Mbali ya bambo ake ndiye apongozi anga anatulutsa katoni ya nsapato yodzaza ndi mapepala ojambulitsa, ena inki inachita kufufuma, zilembo zake zopendekeka ngati mapira pamphepo. Banja lawo ndi la Desjardins. Ndikatsata m'mbuyo, dzinalo likuyenda bwinobwino, kenaka pa pepala lina ndikupeza "Roy dit Desjardins". Pepala la m'mbuyo mwake munthu yemweyo, mkazi yemweyo, parishi yomweyo, koma walembedwa Roy yekha. Palinso mayi wina wolembedwa "Hudon dite Beaulieu".

Poyamba ndinkayesa kuti Dit ndi dzina lapakati. Amuna anga anangoseka n'kuti ndi zachikale zimenezo. Apongozi anatsitsa mawu n'kunena kuti mwina panali mwana wapathengo amene analeredwa ndi bambo wina. Zoona zake n'ziti? Munthu mmodzi akhala bwanji ndi mayina awiri a banja?

Wa ku Mchinji:

Achemwali, si dzina limenelo. Ndi mawu ochokera ku mneni *dire*, kunena. Potchula amati "di", t sakumveka. M'Chichewa tingati "wotchedwa". Roy dit Desjardins ndiye kuti Roy wotchedwa Desjardins. Akakhala mkazi amawonjezera e, n'chifukwa chake mwaona *dite*. Za pathengozo apongozi anu angoganiza, kamawuka sikanena zimenezo.

Mphunzitsi Wopuma:

A ku Mchinji ayankha molondola, koma tikalekera pa "wotchedwa" mayi Nankhoma aganiza kuti ndi dzina loseleula ngati lija timapatsana pabwalo la mpira, lomwe limafa munthu akakula. Ili silinkafa. Linkalowa m'kaundula wa ubatizo, m'pangano la ukwati, m'chikalata chogulira munda, ndipo ana ankalitenga.

Ambiri mwa mayina amenewa anabwera ndi asilikali. M'gulu la nkhondo la mfumu ya France, mnyamata akalembedwa usilikali ankapatsidwa dzina lina lomwe ankati *nom de guerre*, dzina la kunkhondo. Ena ankapatsidwa la duwa kapena chipatso: Lafleur ndi duwa, Latulippe ndi Laviolette ndi maluwanso, Laframboise ndi kachipatso. Ena la khalidwe: Jolicoeur wamtima wabwino, Sansregret wosadandaula, Ladouceur wofatsa. Lomwe limandiseketsa ine ndi Tranchemontagne, wodula phiri. Ndimaganiza kuti wopatsidwa dzina limeneli mwina anali kamunthu kochepa thupi, akuluakulu akungomunyogodola. Pofika 1716 lamulo linachita kufuna kuti dzina la kunkhondo lilembedwe m'kaundula wa asilikali.

Ku Canada gulu lodziwika kwambiri ndi la Carignan-Salières. Mfumu Louis XIV inalitumiza mu 1665, amuna pafupifupi 1,200, kuti likamenyane ndi a Iroquois, eni dziko a kumeneko, makamaka fuko lawo la a Mohawk, amene ankalimbana ndi Afalansa pa za malo ndi malonda a zikopa. Taganizirani, kalembera wa 1666 anapeza atsamunda 3,215 okha m'dziko lonselo, ndiye asilikali 1,200 sanali ochepa. Anamanga malinga m'mbali mwa mtsinje wa Richelieu. Mu Januwale 1666 bwanamkubwa Courcelle anawatengera kunkhondo m'kati mwa chisanu, anthu oti sanazolowere kuyenda pa chipale chofika m'mawondo, ndipo ambiri anafa ndi kuzizira ndi njala osati ndi adani. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mkulu wa asilikali Tracy anapita ndi gulu lalikulu n'kutentha midzi ya a Mohawk pamodzi ndi chimanga chawo. Mtendere unapanganidwa mu 1667.

Mu 1668 gululo linaitanidwa kubwerera kwawo, koma mfumu inkafuna anthu okhazikika, ndiye inanyengerera ndi ndalama ndi minda. Pafupifupi 400 anatsala. Akuluakulu awo analandira madera athunthu, n'chifukwa chake mukamayenda pagalimoto kumeneko mumaona zikwangwani za Sorel, Chambly, Contrecoeur, Verchères, Saint-Ours. Amenewo ndi mayina a atsogoleri a asilikali. Asilikali wamba anakhala alimi, n'kukwatira, ambiri anakwatira atsikana amene mfumu inawalipirira ulendo pakati pa 1663 ndi 1673, aja amati *filles du roi*, pafupifupi 800. Msilikali anavula yunifomu koma dzina la kunkhondo sanavule, poti anansi ake pamunda anali anzake omwewo a m'gulu, omwe ankamudziwa ndi dzina limenelo.

Mdzukulu wa Mtchona, Bulawayo:

Nkhani iyi ikundikumbutsa agogo anga aamuna. Anachoka ku Nyasaland wapansi kudzagwira ntchito kuno. Mzungu wolemba anthu analephera kutchula dzina lawo, anangowalemba dzina la chiwiya cha kukhitchini, ndipo n'lomwe linakhala pa chitupa mpaka imfa. Ife ena tinatenga limenelo, ana a achimwene awo amalemba Phiri. Pamaliro timachita kufotokozera anthu kuti ndife amodzi.

Mphunzitsi Wopuma:

Zikufanana pa kugawikana kwa banja, koma pali kusiyana. Agogo anu dzina lawo lenileni linafafanizidwa papepala. Ku Québec wansembe ankalemba onse awiri n'kuika *dit* pakati ngati mlatho, ndipo mlatho umenewo ndi womwe ukuthandiza mayi Nankhoma lero. Ndiwonjezerenso kuti si *dit* aliyense wochokera ku usilikali. Mabanja anali aakulu, mayina a ubatizo ochepa: Jean, Pierre, Joseph, Marie. M'parishi imodzi mumatha kukhala a Joseph Roy anayi. Ndiye wina ankatchedwa ndi mudzi womwe anachokera ku France, wina ndi malo a munda wake, wina ndi ntchito yake. Monga kwathu tikati a Banda a kudambo ndi a Banda a kuchigayo.

Nankhoma wa ku Québec:

Zikomo aphunzitsi, mwanditsegula m'maso. Ndabwerera m'katoni muja. Pansi penipeni pali pepala lotayipa ndi makina akale aja, wina wa m'banjamo analemba kalekale. Pamwamba pali "Antoine Roy dit Desjardins, soldat, cie Froment" ndi "Marie Major". Ndiye kuti ameneyu ndi mmodzi mwa 400 aja?

Wa ku Lévis:

Eya mayi, ndi mmodzi mwa iwo, ndipo mwagwera pa munthu amene mbiri yake inalembedwa kwambiri, ngakhale si yonse yokoma. *Cie* ndi chidule cha *compagnie*, kagulu ka asilikali, ndipo kake kankatsogozedwa ndi Froment.

Antoine anali wa ku Joigny, m'chigawo cha Bourgogne, dziko la mphesa. Ntchito yake inali yokhoma migolo yamatabwa, ngati bambo ake. Anafika mu 1665 ali ndi zaka pafupifupi 30, wamkulu poyerekeza ndi anzake ambiri. Nkhondo itatha analandira munda ku Batiscan, dera lomwe linali m'manja mwa ansembe a chiJezwiti, m'mbali mwa mtsinje wa Saint-Laurent. Mu Seputembala 1668 anakwatira Marie Major ku Québec, mmodzi mwa atsikana a mfumu aja, wochokera ku Normandie. Anabereka mwana mmodzi, Pierre, mu 1669.

Ulimi sunamuyanje. Ngongole zinachuluka, ndipo anasiya mkazi ndi mwana ku Batiscan n'kupita cha ku Montréal kukafuna ndalama ndi luso lake la migolo. Ankagona kwa Julien Talua dit Vendamont ku Lachine. Mu Julayi 1684 Talua anamupeza ndi mkazi wake, Anne Godeby, n'kumupha, kenaka anakadzipereka yekha kwa oweruza. Angongole anatenga zomwe zinatsala. Marie anamwalira mu 1689 ku chipatala cha Hôtel-Dieu ku Québec.

Pierre yekhayo ndiye anadzaza dziko. Anakakhazikika ku Kamouraska, anakwatira katatu, ana ambirimbiri. Zidzukulu zake zina zinasunga Roy, zina Desjardins, zinanso zinapeza *dit* watsopano, Lauzier ndi Voisine. Anthu a mayina anayi osiyana, kholo limodzi. Hudon dite Beaulieu mwamutchulayo ndi wa banja la dera lomwelo la kumunsi kwa mtsinje, ndiye mapepala anu akugwirizana.

China chomwe chingakusangalatseni: kuno ku Lévis kunabadwa Alphonse Desjardins mu 1854, amene mu 1900 anayambitsa *caisse populaire* yoyamba, bungwe loti anthu osauka azisunga ndi kubwerekana ndalama okhaokha, zofanana ndi ma SACCO athu. Bambo ake ankalembedwa François Roy dit Desjardins, mayi ake Miville dite Deschênes. Ndi wa mzere wa Antoine yemweyo. Ine ndikamadutsa pa chikwangwani chobiriwira cha Desjardins ndimaseka ndekha, kuti munthu amene anathawa angongole ku Batiscan ndiye dzina lake la kunkhondo lili pakhomo pa nyumba zobwereketsa ndalama m'tauni iliyonse.

Wa ku Mchinji:

Koma nkhaniyi yakula. Ndiye mwanayo akanena zimenezi kusukulu?

Mphunzitsi Wopuma:

Tisanafike kusukulu, ndichenjezeko. Pepala lotayipa lija si umboni. M'mabanja ambiri mumapezeka munthu wachangu amene anaona dzina lofanana m'buku n'kulilumikiza pamwamba pa mndandanda. Si Desjardins aliyense wochokera kwa Antoine Roy, panali ena amene anabwera ndi dzinalo kuchokera ku France ngati dzina lawo lenileni. A Roy ndiye musachite kunena, makolo awo oyamba ndi ambiri osiyana.

Njira yake ndi yotsata maukwati, osati dzina. Kaundula wa ukwati wa Akatolika kumeneko amatchula mkwati ndi mkwatibwi, komanso bambo ndi mayi a aliyense, ndipo mkazi amalembedwa ndi dzina la kwawo, osati la mwamuna. Ndiye mukapeza ukwati wa agogo, mwapeza mayina a makolo awo anayi, n'kukafuna ukwati wa amenewo, choncho mpaka m'mbuyo. Mwamuna akhoza kukhala Roy pa ubatizo, Desjardins pa ukwati, Roy dit Desjardins pa maliro. Chokutsimikizirani kuti ndi yemweyo ndi dzina la mkazi wake ndi la amayi ake. Pofufuza pa intaneti, monga m'kaundula wa PRDH wa ku Université de Montréal, yesani mayina onse awiri, yesaninso Roi ndi Leroy, poti wansembe ankalemba mmene wamvera ndipo ambiri okwatirawo sankatha kusayina.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 *dit* anayamba kutha, mabanja n'kusankha dzina limodzi. Apa m'pamene abale a bere limodzi anasiyana, wina Roy wina Desjardins. Amene anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Lowell, Manchester kapena Woonsocket ku America, ena anamasulira dzina m'Chingerezi: Roy n'kukhala King, poti *roi* ndi mfumu, Desjardins n'kukhala Gardner, poti *jardin* ndi dimba. Mukadzaona a King pa zotsatira za DNA musadabwe.

Mdzukulu wa Mtchona, Bulawayo:

Za kusukuluzo ine ndikuti mwana auzidwe zomuyenera msinkhu wake, kuti kholo lake linali msilikali wokhoma migolo. Zinazo adzawerenga yekha akakula. Koma musamuchotse pamndandanda chifukwa cha manyazi. Chibale n'fupa, sichiola. Ndipo mukamuuza za usilikaliwo mumuuzenso amene midzi yawo inatenthedwa, poti a Mohawk alipo mpaka lero, ena ku Kahnawake, kungowoloka mtsinje kuchokera ku Lachine komweko.

Nankhoma wa ku Québec:

Ndamva nonse. Apongozi ndawafotokozera dzulo tikumwa tiyi. Atamva kuti palibe za pathengo anapumira m'mwamba. Nditafika pa za ku Lachine anaika kapu pansi n'kunena kuti bola za pathengo zija. Kenaka anafunsa ngati ubale ndi Alphonse ungawatsitsire chiwongoladzanja pa ngongole yawo.

Ndatsata maukwati monga mwanenera aphunzitsi. Asanu alumikizana bwinobwino, mayina a akazi akugwirizana. Pakati pa wachisanu ndi Pierre wa ku Kamouraska pali mpata, mapepala ake mulibe m'katoni, ndiye Antoine ndamulemba ndi pensulo kaye.

Funso lina laling'ono. Pa ukwati umodzi palembedwa "fils de feu Joseph Roy". *Feu* ndimadziwa kuti ndi moto. Mwana wa moto?

Wa ku Mchinji:

Ayi achemwali, pamenepo si moto. *Feu* akakhala patsogolo pa dzina ndi "malemu", kwa mayi amalemba *feue*, nthawi zina *défunt* kapena *défunte*. Ndiye kuti pa tsiku la ukwatiwo Joseph anali atamwalira kale. Lembani chaka cha ukwatiwo pambali, maliro ake mukawafune m'mbuyo mwa chaka chimenecho, ndipo muyambe ndi kaundula wa parishi yomwe yatchulidwa pambuyo pa dzina la mkazi wake.