Mascara osachoka ndi madzi, mumawapukuta ndi chiyani usiku?

Amayi ndi achemwali, ndithandizeni nzeru. Ndi kutentha kwa kuno ku Nsanje ndimapaka mascara osachoka ndi madzi, apo ayi thukuta limawasungunula. Vuto limabwera pogona. Sopo amalowa m'maso n'kumawawa, komanso sachotsa onse. M'mawa pansi pa maso pamakhala pakuda, nsidze zina zitathothoka chifukwa chotikita. Kugona nawo sindifuna, paja amatseka timabowo ta mafuta m'mphepete mwa chikope n'kuyambitsa kachotupa kowawa kaja.

Ena akuti Vaseline pa thonje, ena mafuta a kokonati, ena micellar water, koma mtengo wake eee! Inu chimene sichikuvutitsani maso ndi chiti?

Nanga zoti kabotolo kazitayidwa pakatha miyezi 3 chitsegulireni, mumatsatiradi? Kanga kadakali kodzaza.